Sukulu ya aneneri

Bambo ake a Asiyatu anabwera pa kabaza,
lisiti ya fizi ataipinda kanayi m'thumba la mkanjo.
"Mwanayu akuti akuphunzira uneneri.
Aphunzitsi, ife timadziwa kuti aneneri anatha kale."
Ndinawapatsa mpando pansi pa mtengo wa nimu.
Ndinati si uja wolosera za mawa,
koma mneneri wa kampani, wa chipatala, wa khonsolo,
amene amatuluka panja zinthu zikavuta
mabwana atadzikhomera mkati.
"Ohoo. Nkhoswe."
Anapukuta thukuta.
"Ndiye ndikulipirira kuti azikatukwanidwa pa mlandu wa eni?"

Chipinda chathu n'cha malata opanda siling'i.
Mu Okutobala choko chimanyowera m'zala,
fani inafa ndisanalembedwe ntchito.
Mitu makumi anayi ndi isanu ndi iwiri,
theka ikulota suti, maikolofoni, alawansi ya ku Lilongwe.
"Sala, zimenezi zibwera pa mayeso?"

Lachiwiri lina ndinawagwetsera basi pa bolodi.
Yagubuduka potsika Chowe. Mabuleki.
Kampani yanu inkadziwa kuyambira Lolemba.
Atolankhani ali pa geti. Lembani.

Twaibu anamaliza woyamba,
Chingerezi chosita bwino, cha mizere yakuthwa:
ndife okhudzidwa, tikufufuza, tidzanena nthawi yake.
M'pepala lonse munalibe munthu,
ngakhale nsapato imodzi yotsala pa msewu.
Ndinati unene m'Chichewa. Anakwawa nacho.
Tsopano m'Chiyao,
ngati ukuuza mayi ako aang'ono ku Namwera
amene mwana wawo anakwera basiyo.
Anatsegula pakamwa. Anatsekanso.
Kunja adhana ya masana inayamba n'kutha.
"Sizikutuluka, sala.
M'Chiyao zikumveka bodza."
Tsiku limenelo sindinalembe kanthu kena pa bolodi.

Sindinawauze kuti ine ndinanenerapo kampani ya thonje,
zaka zisanu ndi ziwiri ndikuti palibe vuto,
alimi akugona pa khonde kudikira ndalama zawo.
Lilime limene ndikuwanolerali ndimalidziwa.
Ndimanola, koma chimene likadule sindiuzidwa.

Sumani anathawira ku Joni pakati pa temu,
mpando wake tinaikapo chidebe cha madzi akumwa.
Amatumiza mawu usiku:
akugulitsa m'shopu ya Msomali,
akuti kasitomala akapsa mtima
amayamba wamumvera mpaka amalize, monga ndinkanenera.
Malikisi ake akadali m'kabati, makumi atatu ndi anayi.
Ndinamulepheretsa ndine.

Chaka chino mipopi ya kwathu ku Mpondasi
inauma masiku asanu ndi anayi.
Ndikusenda chinangwa, wailesi ili pa zenera,
ndinamva mawu amene ndinkawakalipira kuti akweze.
Asiyatu.
"Pampu inapsa. Tinachedwa kugula ina.
Olakwa ndife, si magetsi.
Madzi afika Lachinayi."
Mpeni ndinauika pansi.

Lachinayi mpopi unangotsokomola mpweya.

Lachisanu anabweranso, yemweyo,
palibe bwana pambali pake.
"Ndinati Lachinayi. Ndinalonjeza ndisanaone pampuyo ndi maso.
Pepani. Lero sindikupatsani tsiku."
Wina anaimba foni n'kumutchula dzina loti sindingalembe.
Anamusiya amalize.

Ndinatenga zigubu ziwiri kupita ku mjigo.
Pa mzere mayi wina anati,
katsikana ka pa wailesi kaja n'kabodza ngati onsewo.
Mnzake, akumanga nkhata, anati,
koma kamatuluka.
Ena aja munawamvako?

Ndinafuna kunena kuti ndinakaphunzitsa ndine.
Ndinafunanso kubisala kuseri kwa chigubu.
Nthawi yanga yopopa inakwana,
ndinagwira chitsulo chotentha,
ndipo m'mutu ndinayamba kale kukonza phunziro la Lolemba:
usalonjeze tsiku
usanaone pampu.